Bentley yanga mu Forza Horizon 5, patatha miyezi isanu ndi itatu

Mu Febuluwale ndinalemba za Bentley Continental Supersports ya 2017 imene ndimayendetsa mu Forza Horizon 5, gemu ya mipikisano ya magalimoto. Ndinati pamsewu wowongoka ndi chilombo, koma pakona imakana kumvera chiwongolero, ndipo ndinalangiza kuti muiwonjezere mphamvu kuti nthawi yotayika pakona muibweze msewu ukawongoka. Tsopano ndi Okutobala. Ndaiyendetsa pafupifupi madzulo onse amene magetsi analipo kwathu kuno ku Kapata, ku Chipata, ndipo malangizo aja ndikuwabweza. Anali olakwika.

Galimoto yeniyeniyo ili ndi injini ya W12 ya malita 6 ndi ma turbo awiri, mphamvu yake 700 hp, imakoka ndi mawilo onse anayi, ndipo imafika 100 km/h m'masekondi 3.5. Koma imalemera makilogalamu pafupifupi 2,280, ndipo chinjini chonsecho chakhala kutsogolo kwenikweni. A Playground Games, amene anapanga gemuyi, sanabise kulemerako mu gemu. Ukakhota, mutu wa galimoto umafuna kupitirira kumene unkapita, matayala akutsogolo n'kumangolira. Mphamvu yowonjezera ija inkangondifikitsa pakona ndi liwiro loti mabuleki sangalithe.

Amene ananditsegula maso ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe amathandiza pa lole yopita ku Lusaka kudzera m'mapiri a Manenekela. Anandiyang'ana ndikugunda khoma kachitatu mu Guanajuato, mzinda wa mu gemumo, n'kunena kuti: "Amalume, pa Manenekela sititsika choncho. Katundu akachuluka, buleki imapondedwa kona isanaoneke." Usiku womwewo ndinachotsa zonse zimene ndinaika pa injini. Mapointi a PI (nambala imene gemu imayezera nayo luso la galimoto n'kuiika m'kalasi) amene anatsala ndinawaika pa kuchepetsa kulemera, matayala abwino, matayala otambalala kutsogolo ndi mabuleki a mpikisano, galimoto n'kukhalabe mu kalasi ya S1, yomwe malire ake ndi 900.

Ntchito yaikulu inali pa tuning, kutanthauza kuchuna zida za galimoto, ndipo apa ndi pamene miyezi inathera. Ma anti-roll bar, zitsulo zoletsa galimoto kupendekeka pakona, kuuma kwake kumayambira pa 1 mpaka 65. Ine poyamba ndinaumitsa onse awiri poganiza kuti galimoto yolemera isamapendekeke. Kuuma kwa kutsogoloko ndi kumene kunkalanda matayala akutsogolo mphamvu yogwira msewu. Pano kutsogolo kuli pa 22, kumbuyo pa 46, ndipo mutu umalowa pakona mosakakamiza. Kenaka differential yapakati, imene imagawa mphamvu pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo: ndinakankhira mphamvu 70% ku mawilo akumbuyo. Ndinayesapo 80%, koma mvula ikagwa mu gemu mchira unkathawa potuluka pakona. Ya kutsogolo ndinaimasula kwambiri, chifukwa ikakhala yomangika, ukaponda mafuta galimoto imawongoka yokha kona isanathe.

Masipuling'i sindinawafewetse kwambiri. Matani awiri amafuna chowagwira, apo ayi mutu umagwada ukaponda buleki. Camber (kupendekeka kwa mawilo) ndi mpweya wa m'matayala ndinazikonza poyang'ana telemetry, imene imaonetsa kutentha kwa tayala mkati, pakati ndi kunja. Kunja kwa matayala akutsogolo kunkapsa msanga, choncho ndinaonjezera camber pang'onopang'ono mpaka -1.6. Ambiri sayang'ana telemetry imeneyi, ndipo zimandimvetsa chisoni, chifukwa imakuuza zoona pamene dzanja likukunamiza.

Magiya sanandivute. Ndinangofupikitsa pang'ono final drive, giya yomaliza yopita ku mawilo, basi.

Nanga lero ili bwanji? Pa Goliath, mpikisano wozungulira mapu onse a Mexico wopitirira makilomita 50, ndi galimoto imene ndimaikhulupirira kuposa zonse m'galaja yanga. Pa makona aatali othamanga imakhazikika ngati mwala, ndipo wina akakugunda m'mbali pa intaneti, ndi iyeyo amene amachoka mumsewu. Pamenepo kulemera kumakuthandiza. Koma m'tinjira topanikizika ta Guanajuato, komanso potsika phiri la Gran Caldera, magalimoto opepuka a kalasi yomweyo amandisiyabe. Ndayesa zonse zimene ndikudziwa, mpatawo wachepa koma sunathe. Amene akufuna kupambana mipikisano yamakona afupiafupi asataye nthawi yake pa Bentley iyi.

Chimene sichinasinthe ngakhale pang'ono ndi kufunika koponda buleki msanga. Ndimaiponda msanga kuposa m'galimoto ina iliyonse, mzere wotsogolera usanafiire, n'kuimasula pang'onopang'ono ndikulowa pakona kuti kulemera kukhalebe pa matayala akutsogolo. Pa padi, chogwirira choseweretsa gemu pa Xbox, zimenezi zimafuna chala chodekha, ndipo zinanditengera miyezi iwiri kuti chala chizolowere. Mphwanga uja anabwera Loweruka lapitali, ndinamupatsa padi, ndipo pa ulendo wake wachiwiri wa Goliath anandiposa ndi masekondi anayi.