Lipoti lalikulu likagwetsa help desk: tikweze memory, tidule miyezi, kapena tikoke ku database?

Anzanga a IT kuno ku Mangochi, ena mwa ife timalandira madandaulo a ogwira ntchito pa osTicket kapena GLPI, mapulogalamu aulere a help desk osunga dandaulo lililonse ngati tikiti, oyendera PHP ndi database ya MySQL kapena MariaDB. Zimayenda bwinobwino mpaka tsiku lomwe abwana afuna lipoti la chaka chonse, kuphatikiza nthambi za ku Monkey Bay ndi Namwera. Tsamba limangoti mbee, kapena kulemba 504 Gateway Timeout.

Yambani mwatsegula error log, fayilo yomwe seva imalembamo zolakwika. Mukapeza "Allowed memory size of 134217728 bytes exhausted", PHP yagunda malire ake a memory a 128MB. Koma 504 kawirikawiri ndi Nginx, pulogalamu yotumiza masamba kwa owatsegula, yomwe yatopa kudikira PHP, poti ikapanda kusinthidwa imadikira masekondi 60 okha.

Ambiri timathamangira kukweza malirewo: memory_limit ifike 512M mu php.ini, max_execution_time ichoke pa 30 ifike 300, fastcgi_read_timeout ya Nginx nayonso ikwere, kenaka kuyambitsanso Nginx ndi PHP-FPM, yomwe imayendetsa PHP pa seva. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo abwana akakhala ataima pakhomo imapulumutsa. Komatu pa seva yaing'ono, anthu angapo akakoka lipoti nthawi imodzi RAM imatha, ndipo Linux ikhoza kupha MySQL kuti ipeze malo. Pamenepo sililinso lipoti lokha, help desk yonse yagwa. Matiketi nawo sachepa. Chaka chamawa mudzakwezanso.

Kudula lipoti mwezi ndi mwezi n'kukoka CSV (fayilo ya mizere yotseguka mu Excel) sikufuna kukhudza seva, ndipo ngakhale mnzathu wa ku Makanjira yemwe intaneti yake imadukaduka akhoza kumaliza. Chotopetsa ndi kulumikiza mafayilo 12. Samalani tsiku lomwe mukusefera: tikiti yotsegulidwa mu Malichi n'kutsekedwa mu Epulo idzawerengedwa kawiri kapena kusowa mukasakaniza tsiku lotsegulira ndi lotsekera. Excel imathera pa mizere 1,048,576, koma ofesi ya kuno yofika pamenepo ine ndingaipatse ulemu.

Njira yachitatu, yokoka ku database mwachindunji, ndi yomwe ndimaikonda pa malipoti a chaka. Lembani SQL yotenga zokhazo zomwe abwana amawerenga, cron (yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika) iziyendetsa usiku n'kusunga CSV. Apa PHP ndi Nginx palibe, choncho malire awo sakukhudzani. Pa osTicket poyambira ndi table ya ost_ticket, ngati simunasinthe prefix (ost_ wa kumayambiriro kwa dzinalo) poika pulogalamuyo. Pangani akaunti ya database yongowerenga basi, ikani index pa tsiku lomwe mumasefera, ndipo mukayendetsa mysql onjezani --quick kuti mizere izituluka umodziumodzi osaunjikana mu memory. Zovuta zake n'zoona ndithu: pafunika wodziwa SQL, ma table akhoza kusintha mukakweza pulogalamu, ndipo magetsi akathima usiku UPS n'kutha, m'mawa mupeza fayilo yosakwanira. Ndiye script izilemba kaye ku dzina lina, isinthe dzinalo ikamaliza.

Ofesi ya munthu mmodzi wa IT, kudula miyezi kukukwanirani, memory mukweze pang'ono chabe. Koma ngati lipoti lomwelomwelo limafunidwa miyezi itatu iliyonse, patulani tsiku limodzi mulembe SQL ija.