Ndalama za madona kapena zosonkha anthu wamba?

Bungwe lomenyera chilungamo pa chuma, monga Malawi Economic Justice Network lomwe limaunika bajeti ya boma, lingapeze ndalama m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi kulemba pulopozo kwa madona akunja, omwe ndi maiko ndi mabungwe opereka thandizo. Ndalama zake zimabwera zochuluka, zokwanira malipiro, lendi ndi kafukufuku wa zaka zingapo. Koma zimabwera ndi zofuna zake: malipoti pafupipafupi, lisiti la mafuta lililonse, ma odita. Mwini ndalama akasintha maganizo, ntchito imaima pompo, monga zidachitikira mabungwe ambiri pulezidenti wa America Donald Trump ataimitsa thandizo lodzera ku USAID, bungwe la boma lake lothandiza maiko ena, mu Januwale 2025.

Yachiwiri ndi kupempha aphunzitsi, mavenda ndi alimi kuti azisonkha mwezi ndi mwezi pa Airtel Money kapena Mpamba. Njirayi ndi yowawa ndithu. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, K2,000 ya mayi wogulitsa tomato siigula ngakhale lita imodzi ya petulo. Pamafunikanso munthu wowathokoza mayiwo pa foni ndi kuwauza komwe ndalama yawo yapita.

Ine ndimakondera yachiwiriyi. Bungwe likamadzudzula misonkho ku Nyumba ya Malamulo, nduna singalinene kuti latumidwa ndi azungu pamene olithandiza ali mumsika wa Limbe.