Pink Floyd: kuyamba ndi chimbale cha 1973 kapena cha 1979?

Munthu wofuna kudziwa mbiri ya gulu loimba la Pink Floyd, lomwe linayamba ku London mu 1965, angasankhe pakati pa zimbale ziwiri. The Dark Side of the Moon cha mu 1973 chinajambulidwa ku situdiyo ya Abbey Road oimba anayi a gululi (Roger Waters, David Gilmour, Richard Wright ndi Nick Mason) akumvanabe, ndipo nyimbo zake zimalumikizana mosadukiza pofotokoza za nthawi, ndalama, misala ndi imfa.

The Wall cha mu 1979 n'chosiyana kwambiri. Chimasimba za munthu mmodzi, Pink, amene bambo ake anafera kunkhondo monga anachitira bambo a Roger Waters mu 1944, ndipo Waters ndiye analemba pafupifupi nyimbo zonse. Apa mgwirizano unali utasokonekera, moti Richard Wright anachotsedwa m'gululo chimbalecho chili mkati mojambulidwa, ndipo Waters naye anachoka mu 1985. Nyimbo ya m'chimbalechi yodzudzula aphunzitsi ankhanza inaletsedwa ku South Africa mu 1980, ana asukulu atayamba kuiimba ponyanyala maphunziro atsankho.

Ine ndingayambe ndi cha 1973, chifukwa gitala ya David Gilmour ndi kiyibodi ya Wright zimamveka momasuka, pomwe The Wall n'chachitali ndipo chimafuna munthu womva bwino Chingerezi.