Sefa ya reverse osmosis: imachotsa yureniyamu, koma si yongoika n'kuiwala

Sefa ya madzi yotchedwa reverse osmosis, yoika pansi pa sinki, ndi chimodzi mwa zipangizo zochepa zapakhomo zimene zingathandizedi banja lomwe limamwa madzi a pachitsime chapafupi ndi malo otayako zinyalala za yureniyamu, chitsulo chapoizoni chokumbidwa m'migodi. Pofuna kupatula yureniyamu, miyala imaperedwa n'kusungunulidwa, kawirikawiri ndi asidi, ndipo matope otsalawo amasungidwa m'madamu. Dziwe lotere likadontha, madzi a pansi pa nthaka amaipa mwakachetechete. Likaphulika, monga zinachitikira ku Church Rock m'chigawo cha New Mexico ku America pa 16 Julaye 1979, mtsinje wonse umawonongeka, ngati mmene unawonongekera mtsinje wa Puerco kumeneko.

Ubwino wa sefayi ndi wakuti imakankha madzi kudutsa pa kachikopa kothina kwambiri kamene kamatsekereza yureniyamu ndi radium (chitsulo china choopsa chopezeka limodzi ndi yureniyamu), ndipo ikakhala yosamalidwa bwino imachotsa yureniyamu yoposa 90 peresenti. Bungwe la WHO limati yureniyamu isapitirire mamayikulogalamu 30 pa lita, makamaka chifukwa imawononga impso. Sefa wamba za makala sizingadaliridwe pa ntchito imeneyi, ndipo kuwiritsa madzi kumangowonjezera vuto, popeza madzi amachepa koma yureniyamuyo imatsala yonse mumphika.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi kamita ka TDS kamene ogulitsa ena amaperekera limodzi ndi sefayi. Kamitako kamangoyeza kuchuluka kwa mchere wonse wosungunuka m'madzi, sikazindikira yureniyamu, choncho nambala yotsika imene kamaonetsa ingam'patse munthu chilimbikitso chabodza. Umboni weniweni umachokera ku labotale, poyezetsa madzi sefa isanaikidwe, itaikidwa, komanso pakapita nthawi, chifukwa kachikopako kakatha kamayamba kudutsitsa zoipa popanda madzi kusintha kakomedwe kapena maonekedwe.

Palinso zofooka zina. Kawirikawiri sefayi imataya madzi ochuluka kuposa amene imayeretsa, ndipo otayidwawo ndi amene amanyamula zoipa zonse, motero sayenera kuthiriridwa m'dimba kapena kumwetsa ziweto. Imafunanso madzi obwera ndi mphamvu, ndipo imateteza mpopi umodzi wokha. Mpweya woopsa wa radon, umene umachokera ku radium, suchotsedwa mokwanira.

Kwa banja limene layezetsa madzi n'kupeza yureniyamu yopitirira muyeso, ndikulimbikitsa sefayi pa madzi akumwa ndi ophikira, bola wogulitsa aonetse chiphaso cha NSF/ANSI 58, chosonyeza kuti sefayo inayesedwa n'kukwaniritsa muyezo wa sefa zamtunduwu, ndiponso atsimikize kuti zosinthira zake zimapezeka.