Kope, kamera, apu kapena mita ya kuwala: chimene chimanena zoona za dzuwa la pa dimba ndi chiti?

Chaka china ndinaika bedi la tomato m'mbali mwa khoma, malo oti ndimadutsapo tsiku ndi tsiku ndipo nthawi zonse ndimapeza pali dzuwa. Mbande zinagwira bwinobwino koma patatha miyezi iwiri zinangotalika n'kuwonda, maluwa kumathothoka, zipatso zowerengeka. Ndinakayikira manyowa, ndinakayikira kathiriridwe, mpaka tsiku lina nditaswera pakhomo m'pamene ndinaona kuti dzuwa limafika pabedipo cha m'ma 10 koloko, ikamakwana 1 koloko khoma laphimba kale. Maola atatu basi. Chinandipusitsa n'choti ndinkadutsapo nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, nthawi yomwe dzuwa linalipo. Kuchokera pamenepo sindidzalanso chinthu ndisanayeze, ndipo njira zomwe anthu amalimbana nazo kuti yabwino ndi iti ndaziyesa pafupifupi zonse.

Poyamba tigwirizane chimene tikuyezacho. Pa mapaketi a mbewu akalemba kuti mbewu iyi imafuna dzuwa lathunthu amatanthauza maola 6 kapena kuposa a dzuwa lowomba mwachindunji pa masamba, osati kungowala chabe. Pakati pa maola 3 ndi 6 ndiye theka dzuwa theka mthunzi, kuchepera 3 ndi mthunzi. Zobereka zipatso ngati tomato, tsabola ndi nkhaka zimafuna 6 mpaka 8, za mizu ngati kaloti zimapirira pa 4 mpaka 6, zamasamba ngati letesi ndi sipinachi zimatha kukula ndi 3 kapena 4 ngakhale zimachedwerapo.

Njira ya kope ndi cholembera ndi imene ambiri amaipeputsa koma ine ndimaikhulupirira kwambiri pa funso lakuti lero pano pawomba dzuwa maola angati. Mumajambula dimba papepala, n'kukhoma zikhomo m'malo omwe mukufuna kudzala, chilichonse ndi nambala yake, ndiye kuyambira kutuluka kwa dzuwa mumatuluka ola lililonse kukachonga kuti chikhomo 1 dzuwa, chikhomo 2 mthunzi, chikhomo 3 lamawangamawanga lodutsa m'masamba a mtengo. Madzulo mumangowonkhetsa. Ubwino wake ndi woti mukuona ndi maso anu chimene chikutchinga, kaya ndi nthambi imodzi yoti mutha kuisadza kaya ndi nyumba ya aneba yoti simungaisunthe, zimene kachipangizo kalikonse sikangakuuzeni. Koma imadya tsiku lonse, imafuna tsiku lopanda mitambo, ndipo mukamachonga pa ola mutha kuphonya ndi mphindi 30 mbali iliyonse, ndiye pamalo okayikitsa bola kumachonga pa theka la ola. Chinanso chimene anthu amalakwitsa, amayang'ana ataimirira dzuwa likuwawomba kumutu n'kulemba kuti lilipo, chonsecho pansi pomwe mbande ikhale pali mthunzi wa mpanda. Yang'anani pa dothi penipeni.

Kamera ya foni ndi njira yomweyo ya kope koma yopepukirako. Mumaimika foni pawindo kapena pamalo okwera pomwe ikuona dimba lonse, n'kuitchera kuti izijambula yokha pa mphindi 15 kapena 30 zilizonse, madzulo mumaona mthunzi ukuyenda ngati kanema. Apa kamera yapambana kope chifukwa imaona malo onse nthawi imodzi osati pa zikhomo pokha, komanso zithunzi mumazisunga n'kudzafanizira ndi za mwezi wina. Vuto lake batire imatha tsiku lisanathe ngati simunalumikize ku magetsi, foni ikakhala padzuwa imatentha n'kuzima, komanso kamera imadzisinthira yokha kuwala moti malo amthunzi amaoneka owala kuposa mmene alili, ndiye musamaweruze ndi kuwala kwa chithunzi, muzitsata mzere womwe mthunzi ukuthera.

Tsono njira ziwirizi zili ndi chilema chimodzi chachikulu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Zimakuuzani za tsiku lomwe mwayezalo basi. Dziko ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.4, n'chifukwa chake njira ya dzuwa kumwambaku imasuntha chaka chonse, cha pa 21 Juni limakhala litapendekera kumpoto kwambiri, cha pa 21 Disembala kumwera kwambiri, ndipo pakati pa masiku awiriwa dzuwa la masana limasuntha madigiri pafupifupi 47. Si pang'ono ayi. Tengani khoma la mamita 2. Dzuwa likakwera madigiri 75 mthunzi wake ndi theka la mita chabe, pa madigiri 45 ndi mamita 2, pa madigiri 30 wafika mamita 3 ndi theka. Ndiye bedi lomwe munaliyeza n'kupeza maola 8 mutha kudzalipeza lili mumthunzi tsiku lonse patatha miyezi inayi, khoma lake lomwelo. Amene ali kumwera kwa Ikweta, mwezi wa Juni dzuwa limadzera kumpoto ndipo mithunzi imagwera kumwera, akumpoto kwa Ikweta dzuwa lawo lotsika ndi la Disembala ndipo mithunzi imagwera kumpoto, pomwe amene ali pakati pa mizere iwiri ya matropiki, wina kumpoto wina kumwera kwa Ikweta pa madigiri 23.4 aja, dzuwa limawadutsa paliwombo kawiri pa chaka moti mthunzi wa khoma umasintha mbali, miyezi ina uku miyezi ina uko.

Apa ndi pomwe ma apu osonyeza njira ya dzuwa amalowera. Pali Sun Seeker ndi Sun Surveyor omwe mumaloza kamera kumwamba ndipo amajambula mzere womwe dzuwa lidutse pamwamba pa chimene kamera ikuona, mumasintha deti n'kuona kuti mu Juni mzerewo ubisala kuseri kwa denga kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti. Palinso SunCalc ya pa intaneti imene imakupatsani mbali ndi kukwera kwa dzuwa pa mapu, ola lililonse la tsiku lililonse. Masamu ake ndi odalirika chifukwa kayendedwe ka dzuwa n'kodziwika ndendende, ndipo mu mphindi 10 mwaona chaka chonse, zomwe kope lingakutengereni miyezi 12. Pofooka pake ndi kampasi ya mufoni. Mukaima pafupi ndi malata, geti yachitsulo kapena waya wa mpanda imasokonekera ndi madigiri angapo, ndipo popeza dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola, kampasi ikaphonya ndi 15 ndiye kuti mwaphonya pafupifupi ola lathunthu. Ine ndisanaikhulupirire ndimayamba ndaona ngati kadontho ka dzuwa ka pa sikirini kakugwera pomwe dzuwa lenileni lili panthawiyo, koma osaliyang'anitsitsa ndi maso chonde. Komanso apu sidziwa za mitambo, sidziwa kuti mtengo uwo umayoyola masamba nyengo ina n'kudzaphukanso, zimenezo muziwonjezera nokha. Ndipo foni muziigwira mutanjuta pa msinkhu wa mbewu, mukaimirira mpanda umaoneka waufupi.

Ngati apu mulibe, nkhonya yanu mutatambasula mkono imaphimba madigiri pafupifupi 10 a thambo, ndiye mutha kuwerenga nkhonya kuchokera pa mlingo wa maso mpaka pansonga ya mtengo n'kudziwa kuti dzuwa liyenera kukwera madigiri angati kuti liudumphe.

Mita yoyezera kuwala, imene imawerenga mu muyezo wotchedwa lux, anthu ambiri amaigula poganiza kuti poti ikutulutsa manambala ndiye kuti ndi yolondola kuposa zonse. Imayankha funso lina. Imakuuzani mphamvu ya kuwala pa sekondi imeneyo, masana opanda mitambo mupeza cha m'ma 100,000, mumthunzi wa panja 10,000 kapena 20,000, koma maola siwerenga, ndiye mumayenerabe kumatuluka ola lililonse ngati wa kope uja. Komanso lux inakonzedwa motengera diso la munthu lomwe limamva kwambiri kuwala kobiriwira, pomwe mbewu zimagwiritsa ntchito kuwala konse kwa pakati pa 400 ndi 700 nm (nm ndi muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala), kumene amakutcha PAR. Pa kuwala kwa dzuwa mutha kugawa lux ndi 54 kuti mupeze PAR moyerekeza, pa mababu nambalayo imasintha. Ma apu a lux a mufoni ndiye amasiyana foni ndi foni, masensa ena amakafika pamapeto dzuwa likakula n'kumangoonetsa nambala imodzimodzi. Pamene mita ndimaiona yothandiza zedi ndi pansi pa mtengo kapena pa neti yotchingira dzuwa, paja kope limasowa cholemba kuti ili ndi dzuwa kapena mthunzi, mumayeza pamtetete n'kuyeza pansi pa mtengo nthawi yomweyo, mukapeza 90,000 uku 25,000 uko mwadziwa kuti mtengowo ukudya pafupifupi magawo atatu mwa anayi.

Chimene mita inandiphunzitsa n'choti maola si ofanana. Dzuwa lili paliwombo limapereka PAR ya pafupifupi 2,000, yomwe pa ola limodzi imakwana mamolo 7 pa sikweya mita (molo ndi muyezo wa kuchuluka kwa kuwala komwe kwafika pamalo), pomwe dzuwa lomwe langokwera madigiri 15 limapereka kotala ya pamenepo kapena kucheperapo. Alimi a m'magirinihausi amawonkhetsa kuwala kwa tsiku lonse, amati DLI, ndipo tomato amamufunira mamolo 20 mpaka 30, letesi 12 mpaka 17. Ndiye maola 4 a pakati pa 10 ndi 2 koloko amaposa maola 5 ogawikana mbandakucha ndi chakumadzulo. Pali timamita tina tomwe mumatisiya pabedi tsiku lonse n'kumasunga DLI tokha, ndi tabwino kwambiri koma pa dimba la pakhomo ndimaona kuti n'kupyola muyezo, komanso kamodzi kamayeza malo amodzi pa tsiku, mabedi 6 ndiye masiku 6 ndipo mitambo ya Lolemba si ya Lachinayi, kufanizira kumavuta. Tina totchipa tobaya m'dothi timangoyatsa kagetsi kosonyeza kuti dzuwa lathunthu kapena mthunzi osanena kuti linafika nthawi yanji, chonsecho kumalo otentha letesi wa dzuwa lam'mawa amakondwa pomwe wa dzuwa la 2 koloko amafota ngakhale maola ali ofanana.

Munthu atandifunsa kuti ndisankhe imodzi, ndingatenge apu ya njira ya dzuwa ngati ndikufuna kudzala mtengo wazipatso kapena kumanga bedi lokhalitsa, chifukwa pamenepo funso ndi la chaka chonse. Ngati ndi mbewu ya miyezi itatu yoti ndiwokera sabata yamawa, kamera kapena kope zakwana. Chimene ndimachita ine ndi kuphatikiza, tsiku limodzi lowala ndimajambula ndi kamera, kenako ndimanjuta pa chikhomo chilichonse ndi apu n'kuona ngati maola omwe ikunena a tsikulo akugwirizana ndi zithunzi, zikagwirizana ndimasuntha deti kupita pa mwezi womwe mbewuyo idzakhale ikuchita maluwa n'kuwerenga maola a pamenepo. Bedi la pakhoma lija pano ndimadzalapo sipinachi ndi letesi, tomato ndinamusunthira mamita 4 kutsogolo komwe amapeza maola 7 ngakhale mwezi womwe dzuwa latsikitsitsa.