Cartridge ya mono kapena ya stereo pojambulira zimbale zakale mu kompyuta

Zimbale zambiri zomwe zidatuluka chisanafike chaka cha 1958 ndi za mono (mawu onse ali pamodzi, osagawidwa kumanzere ndi kumanja monga pa stereo), ndipo mawu ake adadindidwa mumzere wa chimbale m'njira yogwedeza singano cham'mbali chokha. Singano ikamadumpha chokwera ndi chotsika, kawirikawiri imakhala ikutola fumbi ndi zokandika, osati nyimbo.

Cartridge ndi kachipangizo kogwira singano komwe kamatola mawu pa chimbale, ndipo ya mono yeniyeni siimva kudumpha kumeneku, choncho kuthetheka kumachepa mawu asanafike n'komwe mu kompyuta. Vuto lake ndi lakuti muyenera kugula chipangizo china, ndipo chimene chajambulidwa simungachilekanitsenso.

Ine ndimakonda njira yachiwiri, yojambula ndi cartridge ya stereo kenaka n'kuphatikiza mbali ziwiri za mawu, yakumanzere ndi yakumanja, mu pulogalamu monga Audacity. Pophatikiza, phokoso la kudumphako limafafanizika lokha, koma ndi bwino kuyamba mwachotsa kuthetheka kumbali iliyonse payokha, popeza kumaoneka bwino mbalizo zisanasakanikirane. Komanso, popeza mbali iliyonse imachokera ku khoma lake la mzere, khoma limodzi likakhala lotha kwambiri, mungathe kusunga mbali yabwinoyo yokha.

Pa zimbale za 78 (zozungulira maulendo 78 pa mphindi), njira zonsezi sizithandiza ngati singano ili yopyapyala ya LP (zimbale zoimba nthawi yaitali, za mizere yopyapyala), chifukwa imakhula pansi penipeni pa mzere pomwe pali litsiro. Pamafunika yokhuthala, ya pafupifupi 3 mil (mil ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi).