POEM kapena Heller: Ndikanadziwa Ndikanasankha Iti

Chitulukireni m'chipatala anthu akhala akundifunsa funso limodzimodzi, loti pa maopaleshoni awiri, POEM ndi Heller, yabwino ndi iti, ndiye ndiyankhe kamodzi. Ine ndinali ndi matenda a kum'mero otchedwa achalasia. Mnofu wa pakhomo la chifu sumasuka, chakudya chimangoima pachifuwa. Nsima ndinkachita kuikankha ndi madzi, usiku n'kudzidzimuka ndikutsokomola, pilo itanyowa. Koma inu akumudzi, kumeza kukavuta yambani mwakaunikitsa kaye, chifukwa ku Malawi khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri.

Za baluni yotambasulira khomolo ndi jakisoni wa Botox wofewetsa mnofuwo sinditaya nazo nthawi. Botox imatha mphamvu pakangopita miyezi, baluni nayo kawirikawiri umabwerezanso. Zofunika kuziyerekeza ndi ziwiri. Opaleshoni ya Heller, yodula mnofu uja, imene dokotala Ernst Heller anayamba mu 1913, masiku ano amaichita ndi kamera kudzera m'timabowo ta pamimba. Ya POEM anaiyambitsa dokotala Haruhiro Inoue ku Japan mu 2008. Chipangizo chimalowera m'kamwa, mnofuwo amaudulira mkati, pakhungu osasiya chipsera.

Nkhani ya chipserayo ndiyo inandikopa. Ndinachitidwa POEM ku Johannesburg, ndipo sindinama, tsiku limene nsima inatsika yokha ndinagwetsa misozi. Koma chilungulira dokotala anangochitchula modutsa. Pa Heller amapindako chifu n'kusokera pakhomo paja kuti asidi asamabwerere m'mwamba. Pa POEM khomolo amangolisiya. Panopa m'mawa uliwonse ndimayamba ndi omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi, ndisanalawe kanthu. Kumutu kwa bedi ndinaikako njerwa ziwiri. Tiyi wa madzulo ndinasiya, ndipo ndikadya mochedwa ndimadzuka pakati pa usiku kukhosi kukuotcha ngati ndameza khala. Mankhwalawo ndi kuunikanso ndi kamera ndimalipira pandekha, ndipo pa bilu imene anandionetsa poyamba panalibe zimenezi. Izi n'zimene zimandiwawa mpaka lero.

Kafukufuku wa mu 2019 woyerekeza njira ziwirizi, wa m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, ndinamuwerenga madzi atafika kale m'khosi. Pa odwala 221, patatha zaka ziwiri njira zonsezi zinathandiza mofanana, 83 pa 100 a POEM ndi pafupifupi 82 a Heller. Koma zilonda za asidi kum'mero zinapezeka mwa 44 pa 100 a POEM, pomwe a Heller anali 29.

POEM ili ndi pake. Kwa amene mmero umawakokana kwambiri, achalasia ya mtundu wachitatu, imadula mnofu motalika kuposa Heller. Yanga sinali yotero. Dokotala akanandikhazika pansi n'kundifotokozera bwino, ndikanalola timabowo ta pamimba.